Anaphimba Maso Okha

Pa maphunziro aja panali lamulo limodzi loopsa: wochedwa avine.

Mzamba wina wachitsikana sankalidziwa lamuloli. Anakankha chitseko cha holo ali wefuwefu, chikwama chikulendewera paphewa, baji atavala chozondotsa. Ankachokera ku wodi ya amayi oyembekezera, kumene kamwana kena kanasankha kubadwa nthawi yoweruka yeniyeniyo. Maphunzirowo anali okumbutsana ntchito, aja amene anamwino ndi madokotala amapitako kuti apeze mapointi. Popanda mapointiwo chiphaso chogwirira ntchito sachiwonjezera, ndiye aliyense amapita, afune asafune.

"Eya, tagwira wina!" anafuula wosunga nthawi, bambo wa kamimba amene anangosankhidwa m'mawa womwewo koma udindo unali utamulowa kale m'mutu. "Asisita, kutsogolo kuno! Anthuni, m'manja, ativinire!"

M'manja munayamba kulira. Mzamba uja anangoti kakasi, dzanja n'kuthamangira kumutu.

Kuvina ankakutha, imeneyo sinali nkhani. Vuto linali wigi. Anaivala mothamanga osaimanga bwino, ndipo kunsi kwa wigiyo kunali chinsinsi chimene pa abale ndi anzake onse ankachidziwa anali achemwali ake okha. Tsitsi lake linayamba kuthothoka ali kusukulu ya unamwino. Kanayamba kachigamba kamodzi, kenako zigamba zinakumana, mpaka mutu wonse unatsala see ngati bondo. Nsidze nazo zinapita. Zimene anthu ankaziona zinali za pensulo. Nanga wigiyo itagwa pamaso pa anthu onsewa? Akanalowa pati?

"Pepani a wosunga nthawi!" Anali mnyamata wamtali wa shati yoyera, ataimirira pakati pa holo. "Asisitawa achedwa chifukwa amathandiza mwana kubadwa. Ine ndinalawirira chifukwa ndinamva kuti kuli tiyi. Wolakwa ndani pamenepa? Ndivina ine."

Ndipo anavinadi. Kunena zoona, amenewo sanali mavinidwe. Miyendo inkapita kwake, manja kwake, ngati munthu amene waponda linthumbu. Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo mzamba uja anapezerapo mpata wokhala pansi mwakachetechete.

Nthawi ya tiyi anamupeza mnyamatayo ataima pafupi ndi zenera. Pabaji yake panalembedwa kuti ndi dokotala wa khungu.

"Zikomo, Adokotala. Mwandiwombola."

"Ndawononga mbiri yanga yonse chifukwa cha inu. Mundipepesa ndi chiyani?"

"Ndi bisiketi iyi."

"Bisiketi yaulere? Ayi, bwerani ndi nambala ya foni." Anamwetulira. "Dzina sindifunsa, ndakupatsani kale langa. Kuyambira lero ndinu Mochedwa."

Mtsikanayo anaseka, ndipo nambala anapereka. M'foni mwake, nambala ya dokotalayo anailemba kuti Wovina.

Kuyambira pamenepo foni ya Mochedwa sinapumenso.

"Mochedwa wanga, wadzuka bwanji? Kuno akuti kwacha, koma ine sindikhulupirira mpaka uyankhe."

"Duwa langa, lero ndaona odwala ambirimbiri, koma wodwala kwambiri ndine. Mankhwala ake ali ku wodi kwanuko."

"Pakamwa pako m'pa shuga," ankayankha Mochedwa. Koma ankawerenga mameseji aja kawirikawiri, ali mwetumwetu kuseri kwa kabati ya mankhwala.

Ku wodi kunali mnzake wina amene aliyense ankamutcha Wailesi, chifukwa nkhani ikamufika m'mawa, pofika masana ngakhale alonda a pageti amakhala ataimva. Iyeyu ndiye anayamba kuona tindolo tatsopano m'makutu mwa Mochedwa, tating'ono, tooneka ngati agulugufe.

"Iii, mtsikana iwe! Wakugulira ndani? Dokotala wovina uja?"

"Ndagula ndekha."

"Bodza! Wogula yekha samwetulira choncho."

Patapita masabata, gulugufe wa kumanzere anathyoka phiko. Dokotala ananena kuti agula zina, koma Mochedwa anakana. Mphatso yoyamba sasintha. Ankazivala tsiku ndi tsiku, mpaka ku wodi konse, kuyambira a Metironi kufikira okolopa, ankamudziwa gulugufe wa phiko limodzi.

Chikondi chinkakula, koma mantha nawo ankakula. Dokotala akatambasula dzanja kuti amugwire tsitsi, Mochedwa ankalewa ngati akulewa mwala. Chibwenzi chake choyamba chinatha tsiku limene anavula wigi. Mnyamatayo anaseka, kenako anapepesa, kenako sanaimbenso. Ndani angafune kulawanso zoterozo?

"Umuuze," anatero achemwali ake pafoni. "Ngati n'kuthawa, athawe msanga usanamuike mtima wonse."

"Achemwali, mtimawo ndinamuika kale."

"Ndiye basi, m'bale wanga, limba. Sungakalowe m'banja ukugona ndi wigi."

Lamlungu lina masana, m'kachipinda kake ka makatani a maluwa achikasu, Mochedwa anamukhazika Dokotala pampando.

"Pali chimene sukuchidziwa. Ukachiona, ngati ukufuna kupita, chitseko ndi icho. Koma chonde usaseke."

Anatseka maso n'kuvula wigi.

Anadikira kumva mpando ukukhuluka, chitseko chikutseguka. M'malo mwake anamva milomo yofunda pakati penipeni pa mutu wake.

"Ndi zimenezi zokha?" anatero Dokotala motsitsa mawu. "Mtima wanga, ndimayesa undiuza kuti uli ndi mwamuna."

Mochedwa analira ngati mwana. "Unkadziwa?"

"Ndikanadziwa bwanji? Ine ndinkangoona kumwetulira kwako."

Tsiku limenelo Dokotala anamufotokozera kuti si matsenga, si tsoka. Asilikali a m'thupi amangosokonezeka n'kuyamba kumenya mizu ya tsitsi ngati adani. Mizuyo nthawi zambiri imakhala isanafe, imangogona. Ananena kuti pali njira ina imene wakhala akuiyesa, timajakisoni ta pamutu ndi mafuta opaka.

"Undilole ndiyese. Ndipo ndizikujambula nthawi ndi nthawi, kuti tizionera limodzi mmene likumerera."

Mochedwa anabwerera m'mbuyo. "Kujambula ayi!"

Dokotala anaika foni pachifuwa pake. "Foni iyi ndi manda. Cholowa muno sichituluka. Ndikulumbira, duwa langa, zithunzi izi ndi za maso anayi okha, ako ndi anga."

Nanga mawu oterowo ungawakane bwanji?

Timajakisoni tinkawawa, mafuta ankanunkha, koma Mochedwa ankapirira. Patapita miyezi, m'mawa wina akusamba, anamva kanthu kakukanda m'manja. Anathamangira pagalasi. Ubweya! Wosalala, wochepa ngati wa khanda, koma ubweya ndithu! Anaimbira Dokotala akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Wovina wanga, lamera! Lamera!"

"Ndikubwera pompano. Usapake kanthu, ndijambule kaye."

Mawu omalizawo Mochedwa sanawaganizire. Munthu akakhala pa chimwemwe, makutu amasankha zomva.

Chakumapeto kwa chaka, Dokotala anabwera ndi nkhani yabwino. Anamusankha kukalankhula pa msonkhano waukulu wa ogwira ntchito zachipatala, uja umene kumabwera akuluakulu onse, aphunzitsi a madokotala ndi anamwino ochokera m'zipatala zosiyanasiyana.

"Ukakamba za chiyani?"

"Za khungu basi, zotopetsa. Iwe usabwere, wamva? Ndikakuona pagulu ndiiwala zonse, ndiyamba chibwibwi." Anamugwira chibwano. "Koma ndikabwerako, ndili ndi funso limodzi loti ndikufunse. Ukonzekeretu yankho."

Mochedwa sanafunikire kuuzidwa kuti ndi funso lanji. Sabata yonseyo ankayenda ngati saponda pansi.

Kutatsala tsiku limodzi, a Metironi anamuitana. Namwino wina amene anayenera kupita kumsonkhanoko anadwala, ndipo malo anatseguka.

"Mapointi ako ndi operewera, mwana iwe. Chiphaso chako chikutha posachedwa. Mawa upite ndi anzakowa."

"Koma a Metironi, ndili pa dyute."

"Dyute ndakusinthira kale."

Wailesi anadumpha ndi chimwemwe. "Tiye tikamuone wako akuphulitsa Chingerezi! Kandimverere anakanena za m'maluwa. Usamuuze, tikamudzidzimutse."

Ndipo Mochedwa sanamuuze. Anavala diresi lake labwino, wigi yatsopano, ndi agulugufe ake m'makutu. Iye ndi Wailesi anakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa chipilala. Anzawo ena awiri a ku wodi anakakhala kutsogolo. Holo inali yodzaza thothotho, ndipo wosunga nthawi anali bambo wa kamimba yemwe uja, amene zikuoneka kuti udindowu anautenga ngati cholowa.

Dzina la Dokotala litaitanidwa, Mochedwa anawomba m'manja mpaka kuwawa. Koma anatchena mnyamatayo! Suti yakuda, tayi yofiira. Mumtima ankangoti, uyo ndi wanga.

Anazimitsa magetsi ena kuti pakhoma pazioneka bwino.

Pakhomapo panatuluka chithunzi chachikulu ngati chitseko. Mutu wa munthu wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe. M'maso munadutsa mzere wakuda, monga amachitira madokotala akafuna kubisa wodwala. Dzina panalibe. Koma kumbuyo kwa mutuwo kunali katani ya maluwa achikasu. Khutu nalo linalipo, lalikulu ngati mbale, ndipo pakhutupo panali gulugufe wa phiko limodzi.

Mochedwa anagwira khutu lake la kumanzere.

Monga mwa chizolowezi cha misonkhano yotere, mafoni anakwera m'mwamba. Aliyense ankajambula chithunzicho kuti akaonetse anzake otsala kuntchito.

"Odwala otere sabwera okha kuchipatala," mawu a Dokotala anamveka pa chimkuzamawu, osadodoma, opanda chibwibwi. "Amabisala. Uyu ndinamupeza pa maphunziro ngati ano. Atangolowa pakhomo ndinaona nsidze za pensulo, ndinaona mmene dzanja linathamangira ku wigi. Ndinadziwa pompo. Chovuta chinali kumufika pafupi kuti andikhulupirire. Zinanditengera miyezi. Anzanga, ntchito yathuyi imafuna kudzipereka. Ine mpaka ndinachita kumuvinira!"

Holo inaphulika ndi kuseka. Ena amene analipo pa maphunziro aja anasiya kuseka msanga n'kuyamba kunong'onezana. Mmodzi wa anzake a ku wodi anatembenuka pang'onopang'ono, kufunafuna kumbuyo.

Zithunzi zinkasinthana. Mutu uli chowerama. Mutu cha m'mbali. Ubweya woyamba uja, umene anaulirira ndi chimwemwe, tsopano uli ndi kamuvi kofiira koulozera. Paliponse gulugufe analipo.

Mochedwa anangoti zyoli. Ankaona ngati wigi yake yasanduka galasi, ngati aliyense m'holomo akuona kunsi kwake. Manyazi amenewa anali oposa a tsiku lija anasekedwa ndi munthu mmodzi. Apa anamuvula pamaso pa anthu amene adzakumane nawo pa maphunziro aliwonse mpaka kupuma pa ntchito.

Anadikira kuti Wailesi afuule. Koma Wailesi, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anali atathima. Anangovula mpango wake wa m'khosi, n'kumufunditsa mnzake mpaka m'makutu.

"Vula ndolo," ananong'ona.

Kachotsekera kankaterereka m'zala za Mochedwa. Wailesi analowetsa dzanja kunsi kwa mpango, anamuvula yekha, n'kumufumbatitsa.

Nthawi ya mafunso, mayi wina wachikulire wa magalasi, mphunzitsi wa madokotala, anakweza dzanja.

"Ntchito yabwino, Dokotala. Koma wodwalayu anavomera kuti zithunzi zake zionetsedwe?"

"Anavomera ndi mtima wonse, mayi."

Mochedwa analuma mlomo. M'chikwama mwake foni inanjenjemera. Inali gulupu ya ku wodi. Mnzawo wina wa kutsogolo uja anali atatumiza kale zithunzizo asanaziyang'anitsitse: "Kwa amene mwatsala pa dyute, phunzirani nawo." Pansi pake wina anali atayankha: "Koma ndolozo si za..." Meseji inafufutidwa msanga, zithunzi nazo zinafufutidwa. Koma madzi akatayika saoleka. Anali ataona kale onse, ndi a Metironi omwe.

Nthawi ya tiyi itakwana, Mochedwa anatuluka mozemba n'kukaima kuseri, pakhonde pamene anaunjikapo mipando yothyoka. Kumeneko n'kumene Dokotala anamupeza. Winawake anali atamuuza. Nkhope yake, imene posachedwapa inkawala ndi kuyamikiridwa, inali itagwa.

"Mochedwa! Wabwera liti? Ndimayesa uli pa dyute!"

"Lero ndinafika pa nthawi yake, Adokotala. Ndamva zonse kuyambira poyamba."

"Usanditchule choncho, chonde. Ndine Wovina wako." Anayesa kumugwira dzanja, koma mtsikanayo analibisa kumbuyo. "Tamvera, mtima wanga. Maso ndinaphimba. Dzina sindinatchule. Ndi mmene timachitira tonse, iwenso ukudziwa!"

"Maso munaphimbadi. Kodi anthu a ku wodi kwathu amandidziwira maso okha?"

"Ndolozo sindinaziganizire, ndikulumbira. Zithunzizo ndinaziyang'ana kambirimbiri, koma ine ndinkangoona tsitsi."

"Ndi zimene ndamva nanenso. Munkangoona tsitsi."



"Mayi aja anafunsa ngati ndinavomera," anapitiriza Mochedwa. "Ndinavomera liti?"

"Unavomera kujambulidwa..."

"Ndinavomera maso anayi! Munati foni yanu ndi manda. Manda ake ndi amenewa, odzaza anthu akumwa tiyi?"

"Taganizira atsikana ena amene akubisala ngati iwe. Madokotala onsewa akawathandiza chifukwa cha zimene aona lero. Si chinthu chabwino chimenecho?"

"N'chabwino. Ndiye bwanji simunandipemphe?"

Dokotala anayang'ana pansi. "Ukanakana."

"Mwina ndikanakana. Mwina ndikanalira kaye. Mwinanso tsiku lina ndikanaima nanu kutsogoloko ndekha, ndi pakamwa panga. Koma mutuwu ndi wanga, Adokotala. Woyenera kuuvula ndine."

Misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute. Ankadziwa kuti ikafika ku nsidze pensulo isungunuka, koma akanabisiranjinso?

Pamenepo Dokotala anagwada, pasimenti pomwepo, ndi suti yake yakuda. Anatulutsa kabokosi m'thumba. Mphete inanyezimira.

"Ili ndi funso ndimanena lija. Ndimafuna ndikufunse madzulo ano, ndi maluwa, osati chonchi. Ndalakwa, duwa langa, ndalakwa kwambiri. Ndilange mmene ungafunire, koma usandisiye. Ndimakukonda. Ukhale mkazi wanga."

Mayo! Mphete imene anailota sabata yonse! Mtima wake wopusawo unadumphabe. Akanangotambasula chala, mawa ku wodi nkhani ikanakhala ina. Anthu akanati, aa, ndi bwenzi lake, anagwirizana. Manyazi onse akanaphimbika ndi kamphete kamodzi.

"Dzukani," anatero. "Inenso ndili ndi funso limodzi. Mukandiyankha zoona, ndiganiza."

"Funsa chilichonse."

"Tsiku lija ndinavula wigi, ndinakufunsani ngati munkadziwa. Munati ayi. Lero mwauza holo yonse kuti munadziwa ndikungolowa pakhomo. Ndiye ndiuzeni. Tsiku lija munavina, munkavinira ine kapena mutu wangawu?"

Munthu wa mawu okoma uja, wolemba mameseji ngati nyimbo, anadzuka pang'onopang'ono. Ankangotembenuza kabokosi m'manja.

"Poyamba... poyamba ndinaona nsidze, n'zoona. Ndinkafunafuna wodwala wotere kwa nthawi yaitali. Koma kenako ndinakudziwa, kenako ndinakukonda zenizeni..."

"Za kenakozo ndikuzidziwa, ndinalipo. Ndimafuna za poyamba."

Nkhani ya kuvina ija Mochedwa anali ataifotokozera achemwali ake kosawerengeka. Ankati adzaifotokozera ana ake, mmene bambo awo anachitira manyazi pagulu kuti awombole mtsikana wosamudziwa. Akadzaifotokozanso bwanji tsopano?

Anafumbatula dzanja. Agulugufe aja anali atamudinda m'chikhatho chifukwa chofumbata mwamphamvu. Anawaika m'kabokosi muja, pambali pa mphete, n'kutseka yekha.

"Tsitsi lamera, zikomo. Ndinu dokotala wabwino. Mankhwala otsalawo ndikapitiriza kwa dokotala wina, amene adzandipatse pepala losainira."

"Mochedwa, chonde!"

"Dzina limenelonso tengani. Munandipatsa ndinu."

Nthawi yomweyo kunamveka supuni ikugogoda kapu. Wosunga nthawi anasuzumira pakhonde, thukuta lili kamukamu, osadziwa kanthu.

"Aa, Adokotala, muli kuno? Anthu akhala kale pansi, akudikira inu kutsogolo! Mwachedwa, bwana wanga, ndipo lamulo mukulidziwa. Lero mutivinira ngati tsiku lija!"

Anamugwira mkono n'kumukokera m'holo. Dokotala ankapita akucheuka, kabokosi kali m'manja, maondo a suti ali mbuu ndi fumbi.

Pageti, Wailesi anali akudikira atanyamula zikwama ziwiri.

"Sitifiketi sitinatenge," anatero Mochedwa. "Mapointi apita."

"Mapointi tikapeza kwina, maphunziro satha." Wailesi anamukonza mpango. "Mawa ndikudzera kwanu. Tikalowera limodzi ku wodi."

"Onse akandiyang'ana."

"Akakuyang'anadi. Ineyo ndikawayang'ananso, tikaone amene akayambe kuphethira."

"Bwanji sunanene kanthu muja? Iwe Wailesi?"

"Nkhani zina si zoulutsa, mnzanga."

Kunawomba kamphepo, ndipo dzanja la Mochedwa linathamangira kumutu monga mwa masiku onse. Kunsi kwa wigi, tsitsi latsopano lija linkayabwa. Analilirira zaka zonsezi, ndipo tsopano lizimera tsiku ndi tsiku n'kumamukumbutsa amene analimeretsa.

Kumbuyo kwawo, m'holo muja, m'manja munayamba kulira, anthu akuseka ndi kukuwa. Mochedwa anaima pang'ono, osacheuka.

"Akuvina," anatero Wailesi motsitsa.

"Avine," anayankha akupukuta nkhope, pensulo yonse n'kutsalira pa mpango. "Lero wochedwa ndi iyeyo."